Ndiyamike Chiyani?

M'kapepala kano muli funso limene ndinafunsidwa pa gulu lathu la maphunziro mu Malichi 2024, ndipo ndinaliyankha molakwika. Ndalemba kuti tiliganizirenso pamodzi, chifukwa aliyense wa ife adzakumana nalo tsiku lina, kaya kuchokera pakamwa pa mnzake kapena mumtima mwake momwe.

Inali nyengo yathu yosala kudya ya masiku 19. Tinakumana masana pakhonde la mmodzi wa abwenzi, anthu 8, mabuku ali pamiyendo. Mukukumbukira mmene chaka chimenecho chinalili kuno kum'mwera. Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula ngayaye, ndipo minda yambiri inangouma chiimire. Mwezi womwewo usanathe, boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino mwagwa tsoka chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Malichi momwemonso, namondwe wa Freddy anali atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi madera ena, n'kupha anthu mazana ambiri. Pakati pa masoka awiriwa, mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera mtengo.

Nditaona kuti nkhope za abwenzi zagwa, ndinaganiza zowalimbikitsa. Ndinati tisanatsegule buku, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuyamika Mulungu sabata imeneyo. Mnyamata wina anayamika kuti wapeza ganyu yonyamula njerwa. Mtsikana wina anayamika kuti mng'ono wake wachira malungo. Kenako inafika nthawi ya amayi ena achikulire, amasiye, amene akulera adzukulu atatu. Nyumba yawo inagwa ndi Freddy, ndipo achibale anawathandiza kumanga ina yaing'ono ya zidina. Feteleza wa chaka chimenecho anagula ndi ngongole ya ku banki mkhonde. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Aphunzitsi, ine ndiyamike chiyani? Chaka chatha madzi ananditengera nyumba. Chaka chino dzuwa landitengera munda. Ngongole ili pakhosi. Ndiuzeni inuyo choti ndiyamike, ndinena."

Sindinachedwe kuyankha. Ndinati: "Amayi, yamikani kuti muli moyo. Anzanu ena anapita ndi madzi, koma inu mulipo." Iwo anangoti, "Zikomo," n'kuweramitsa mutu. Tinatsegula mabuku n'kupitiriza phunziro. Sabata yotsatira sanabwere. Masabata ena awiri anadutsanso malo awo pamkeka ali opanda munthu.

Cholakwa changa chinali pati?

Kwa masiku angapo ndinkadziona wosalakwa. Kodi zimene ndinanenazo sizinali zoona? Moyo ndi mphatso ndithu, ndipo zolembedwa zopatulika za chipembedzo chathu, monganso za zipembedzo zina, zimatilimbikitsa kukhala oyamika ngakhale zinthu zitavuta. Koma madzulo ena dzuwa litalowa, ndikusamba m'manja kuti ndimasule kusala, ndinazindikira kanthu kamene kanandichititsa manyazi. Njala yanga inali ya maola pafupifupi 12, yosankha ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti nsima ili pamoto. Njala ya amayi aja inalibe ola lomasulira. Ine amene ndinali ndi ufa m'thumba ndinauza munthu wopanda ufa mmene mtima wake uyenera kumvera.

Nditaganiza mofatsa ndinapeza zolakwa zitatu. Choyamba, mawu awo anali kulira, koma ine ndinawatenga ngati funso la m'mayeso lofunika yankho lamsanga. Chachiwiri, ndinagwiritsa ntchito anthu akufa kuti nditseke pakamwa munthu wamoyo. Ena mwa amene anapita ndi madziwo ankadziwana nawo, ndipo anakhala nawo pa maliro awo. Kuwakumbutsa zimenezo kunangowonjezera katundu pamutu pawo, chifukwa tsopano anayenera kumva chisoni chawo komanso manyazi oti akudandaula ali moyo. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinandivuta kwambiri kuvomera, ndinkafuna kuti msonkhano wathu ukome. Ndinkafuna kubwerera kunyumba ndikudziwa kuti ndatsogolera bwino, anthu amwetulira. Chisoni chawo chinkasokoneza dongosolo langa, choncho ndinathamangira kuchikwirira.

M'buku loyamba la maphunziro athu tinaphunzira kuti makhalidwe abwino onse amamangidwa pa kunena zoona. Tsono taganizani: amayi aja akanandimvera, n'kutchula kanthu kalikonse kuti ndisangalale, akanakhala atanena chimene mtima wawo sunali kumva. Ndikanawaphunzitsa khalidwe limodzi powachotsera maziko a makhalidwe onse. Pa anthu 8 amene tinali pakhonde paja, iwowo ndi amene ananena zoona mopanda mantha.

Masiku ano timalandira mauthenga ambiri pa WhatsApp m'mawa uliwonse, a zithunzi za maluwa ndi dzuwa likutuluka, otiuza kuti tisadandaule, timwetulire, zonse zikhala bwino. Otumizawo amafuna zabwino, ndipo tsiku lina uthenga wotero umamudzutsadi munthu. Koma mawu otere akasanduka lamulo loti pagulu pathu pasapezeke wonena kuti "zikundipweteka," gululo limafanana ndi mkuyu wa m'mwambi uja, wokoma kunja m'kati muli nyerere. Bala lomangidwa nsalu yoyera lisanatsukidwe limaoneka bwino lero, mawa n'kutukusira.

Kodi anthu okhulupirira salira?

Ambiri timaganiza kuti munthu wa chikhulupiriro cholimba samva kuwawa, kapena akamva sanena. Mbiri ya chipembedzo chathu ikutiuza zosiyana ndi zimenezi.

Mu 1852 Bahá'u'lláh anaponyedwa m'ndende ya pansi pa nthaka mu mzinda wa Tehran, yotchedwa Síyáh-Chál, kutanthauza dzenje lakuda. Anakhalamo pafupifupi miyezi inayi, atamangidwa maunyolo olemera amene anamusiyira zipsera moyo wake wonse. Katundu wa banja lake analandidwa. Kumayambiriro kwa 1853, m'nyengo yozizira kwambiri, anathamangitsidwa m'dziko lake pamodzi ndi banja lake, n'kudutsa m'mapiri ulendo wa ku Baghdad. Kuchoka kumeneko anatumizidwa ku Constantinople, kenako ku Adrianople, ndipo mu 1868 anakatsekeredwa mu mzinda wa ndende wa 'Akká. Kuchokera pa kumangidwa kwake ku Tehran kufikira pamene anamwalira mu 1892 panadutsa zaka 40, ndipo sanaonenso dziko lakwawo.

Mu Juni 1870, ali m'ndende ya 'Akká, mwana wake Mírzá Mihdí, wa zaka 22, anali kuyendayenda padenga la ndendeyo akupemphera. Anagwera pa chibowo cholowetsa kuwala, n'kuvulala kwambiri, ndipo tsiku lotsatira anamwalira. Amayi ake, Navváb, analira kwambiri. Bahá'u'lláh sanabise chisoni chake pa imfa imeneyi, monganso sanabise masautso ake ena. Aliyense amene wawerengako mapemphero ndi makalata ake akudziwa kuti ambiri amatchula poyera maunyolo, kusungulumwa, kuperekedwa ndi achibale ndi nkhanza za adani. M'zolembedwa zomwezo mulinso kutamanda Mulungu. Kulira ndi kutamanda zikupezeka pa tsamba limodzi, ndipo chimodzi sichikufafaniza chinzake.

Ndi zochititsanso chidwi kuti pa tsiku loyamba la Ridván mu Epulo 1863, tsiku lachimwemwe chachikulu kwa ife, Bahá'u'lláh anavumbulutsa kalata yonena za kuleza mtima, imene imadziwikanso ndi dzina la Yobu. Anzathu Achikhristu ndi Achisilamu amamudziwa bwino Yobu, amene Asilamu amamutcha Ayubu. Anataya ziweto, ana ndi thanzi lake. M'nkhani yake monga ikupezeka m'Baibulo, iye anadandaula kwambiri pamaso pa Mulungu, ndipo kumapeto amene anadzudzulidwa ndi anzake atatu aja amene anabwera ndi mayankho okonzeratu. Nditakumbukira zimenezi ndinadziona ndekha m'nkhaniyo, ndipo malo anga sanali a Yobu.

Choncho kuleza mtima sikutanthauza kuuma mtima. Munthu angathe kugwetsa misozi, kunena kuti sakumvetsa, koma osasiya kupemphera, osasiya kuchitira anzake chilungamo, osabwezera ukali wake pa ana a pakhomo. Ameneyo ndi woleza mtima ngakhale maso ake ali ofiira.

Kudikira kuli pawiri

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumene ankanena si kungokhala manja lende. Taganizani za anthu awiri m'mwezi wa Novembala. Wina wagalauza munda, wapanga mizere, mbewu waika pafupi. Mnzake amaswera pa bawo. Mukawafunsa, onse awiri akuuzani kuti akudikira mvula ya Mulungu. Mawu ndi amodzi, koma woleza mtima ndi mmodzi yekha. Winayo wangopeza dzina labwino loitanira ulesi wake.

Mpaka apa nkhaniyi ndi yosavuta, ndipo tonse timaivomereza. Povuta ndi apa: amayi aja anali m'gulu la munthu woyambayo. Analima pa nthawi yake, anabzala ndi mvula yoyamba, anapalira, anathira feteleza wa ngongole, anabandira. Anachita zonse zimene mlimi woleza mtima amachita, ndipo sanakolole. Ngati kuleza mtima kuli ngati kusunga ndalama ku banki, kuti ukaika khama udzatapa zokolola, ndiye kuti iwo anaberedwa. Funso lawo linali lozama kuposa mmene ndinaliganizira. Ankafunsa kuti, ngati kuchita zabwino sikukutsimikizira zotsatira zabwino, phindu lake n'chiyani?

Sindikufuna kuthamangiranso yankho monga ndinachitira pakhonde paja. Ndingonena zimene ndafika pozikhulupirira. Kuleza mtima si malonda amene timachita ndi Mulungu. Mvula imagwa kapena kudula malinga ndi mphepo ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja zakutali, ndipo siyang'ana kuti munda uwu ndi wa munthu wolungama. Chimene khama ndi kupirira zimabala mosalephera chili m'kati mwa munthuyo. M'maphunziro athu timakambirana fanizo la mwana ali m'mimba mwa mayi ake. Amamera maso kumene kulibe choona, ndi miyendo kumene kulibe koyenda. Ntchito ya ziwalozo imadzaoneka akabadwa. Momwemonso mzimu wa munthu umamera ziwalo zake m'moyo uno, monga kukhulupirika, chifundo, kupirira ndi chilungamo, ndipo ng'amba singaziwotche.

Ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Koma ndaphunzira kuti mawu oona ali ndi nthawi yake komanso mwini wake woyenera kuwanena. Mawu amenewa ndi oti ndizidziuza ndekha munda wanga ukauma. Ndikawaponyera munthu amene adzukulu ake agona ndi njala, ine nditakhuta, amasanduka mwala.

Pa mfundo imeneyi chitsanzo cha 'Abdu'l-Bahá chinanditsegula maso. Iye anali ndi zaka 8 pamene bambo ake anaponyedwa mu Síyáh-Chál, ndipo anakhala wothamangitsidwa ndi wandende kufikira 1908, ali ndi zaka 64. Ngati panali munthu woyenera kuuza ena kuti "pirirani monga ndapiririra ine," anali Iyeyo. Koma taonani zimene anachita pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, pamene njala inagwa m'dera la Haifa ndi 'Akká, ndipo dzombe la mu 1915 linawononga mbewu. Zaka zingapo nkhondo isanayambe, Iye anali atakonza kale zoti abwenzi ena azilima tirigu ndi mbewu zina m'minda ya kufupi ndi Nyanja ya Galileya ndi mtsinje wa Yorodano. Njala itafika, tirigu wosungidwayo ananyamulidwa pa ngamila kupita kwa anthu anjala, osayang'ana kuti uyu ndi Msilamu, Mkhristu kapena wa chipembedzo china. Mu 1920 boma la Britain linamupatsa ulemu wapadera chifukwa cha ntchito imeneyi, koma dzina laulemulo sankaligwiritsa ntchito.

Munthu amene anapirira zaka zoposa 50 za kuthamangitsidwa ndi ukaidi anafika kwa anjala ndi matumba a tirigu. Kupirira anakusunga ngati udindo wake, ndipo kwa anzake anapereka chakudya. Apa ndi pamene ndinaona kuti ine ndinatembenuza zinthu. Kuyamika ndi kuleza mtima ndi malamulo oti ndizidzilamula ndekha. Kwa mnzanga amene ali pa mavuto, gawo langa ndi kumumvetsera, kukhala naye, ndi kugwira naye khasu. Ine ndinatenga udindo wanga n'kuusenzetsa amayi aja, ndipo udindo umene ndinali nawo kwa iwo ndinausiya pansi.

Kodi kuleza mtima sikugoneka anthu osauka?

Mnyamata wina wa m'gulu lathu, amene analemba mayeso a Fomu 4 koma ntchito sanaipeze, anandifunsa funso lina limene sitiyenera kulithawa. Anati: "Achimwene, mawu akuti pirira ndi amene olemera amakonda kuuza osauka. Wogwira ganyu akapanda kulipidwa amauzidwa kuti apirire. Mayi womenyedwa ndi mwamuna wake amauzidwa kuti banja n'kupirira. Kodi ife sitikuphunzitsa zomwezo?"

Mnyamatayu akunena zoona kuti mawu amenewa agwiritsidwa ntchito molakwika nthawi zambiri. Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zinthu zimene munthu sangazifulumizitse: mvula, kukula kwa mwana, kupola kwa bala, kutha kwa chisoni cha maliro, kusintha kwa khalidwe la mnzathu. Pa zimenezi kuleza mtima ndi nzeru. Palinso zinthu zimene zikuchitika chifukwa munthu wina wasankha kupondereza mnzake. Kukhala chete pa zimenezi sikuyenera kutchedwa kuleza mtima, chifukwa kumangopatsa mphamvu wopondereza. Mayi amene akumenyedwa ayenera kutetezedwa, ndipo nkhani yake iyenera kufika kwa amene angathe kuiletsa, kaya ndi Bungwe Lauzimu la m'dera, mafumu kapena apolisi. Waganyu ayenera kulandira malipiro ake.

Bahá'u'lláh anapirira ukaidi wake popanda kubwezera, koma sanakhale chete pa zosalungama. Ali wothamangitsidwa ndi wandende, analembera makalata mafumu ndi atsogoleri amphamvu a nthawi yake, monga Napoleon III wa ku France, Mfumukazi Victoria ya ku Britain, Alexander II wa ku Russia, Papa Pius IX ndi mfumu ya dziko lakwawo, Násiri'd-Dín Sháh. M'makalata ake kwa olamulira anawachenjeza za kulemetsa anthu awo ndi misonkho, za kuunjika zida zankhondo ndi za kunyalanyaza osauka. Kuleza mtima kwake kunaoneka m'njira imene analankhulira: mosabisa, mopanda chidani, ndiponso mosatopa ngakhale ambiri mwa iwo sanamumvere.

Choncho munthu wolimbana ndi chosalungama amafunika kuleza mtima kuposa wina aliyense. Wopsa mtima msanga amakuwa tsiku limodzi, n'kutopa, n'kusiya. Woleza mtima amabweranso mawa ndi mkuja, nkhani yake ili yomweyo, mpaka itamveka.

Ulendo wokapepesa

Patadutsa masabata atatu ndinapita kwawo. Ndinawapeza pabwalo akutonola timachimanga tochepa timene anatola m'munda, tosadzaza ndi lichero lomwe. Atandiyalira mkeka ndi kulonjerana, ndinati: "Amayi, ndabwera kudzapepesa. Munandiuza za kuwawa kwanu, ine ndinakuyankhani ngati mwana wasukulu."

Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti: "Mwananga, sindinakwiye ayi. Ndinachita manyazi. Ndinaona ngati ndine ndekha wopanda chikhulupiriro pakati pa anthu okhulupirira, ndiye ndinati ndisamakadetse gulu la anzanga." Anandiuzanso kuti m'mawa uliwonse ankapempherabe, ngakhale masiku ena mawu ankawathera, n'kungokhala chete atayang'ana kumene timayang'ana popemphera.

Mawu amenewa anandilasa kuposa akanandikalipira. Munthu amene sanasiye kupemphera nyumba itagwa ndi munda utauma, ine ndinamuchititsa kudziona wopanda chikhulupiriro. Tsiku limenelo sindinaphunzitse kanthu. Ndinakhala pamkeka pafupifupi maola awiri ndikumvetsera za ngongole, za mdzukulu amene anasiya sukulu chifukwa chopita m'kalasi ndi njala, ndi za dimba lawo la kudambo limene linangokhala thengo chifukwa analibe mbewu kapena mphamvu zolitipula okha.

Atandilola, ndinapititsa nkhani ya dimbalo ku gulu, ndipo tinakambirana monga mwa chizolowezi chathu, aliyense kupereka maganizo ake. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse m'mawa tizikagwira ntchito kumeneko. Wina anabweretsa mbewu ya mbatata, wina njere za mpiru, wina anabwereketsa ndowa zothirira. Amayi awiri a m'gulu lathu amene alinso mu banki mkhonde yomweyo anakapempha anzawo kuti nthawi yobwezera ngongole italikitsidweko, ndipo zinatheka, ngakhale chiwongoladzanja sichinachotsedwe.

Kudimbako zinthu zinatembenuka. Ambiri a ife, makamaka achinyamata, sitinkadziwa ulimi wa m'dambo. Amayi aja ndi amene ankatiuza pokumba chitsime, kutalika kwa mizere kuti mbatata isaole ndi madzi, ndi nthawi yothirira kuti dzuwa lisamwe madzi onse. Ine amene ankanditcha aphunzitsi ndinadzudzulidwa kangapo chifukwa chobzala mothithikana. Tinapita ngati okathandiza, koma Loweruka lililonse tinkabwerako titaphunzira.

Sindikufuna kukunamizani kuti mavuto awo anatha. Mbuzi za eni zinalowa m'dimbamo kamodzi n'kudya mpiru wambiri. Mbatata inathandiza miyezi ingapo, koma m'miyezi ya njala banjalo linkadyabe kamodzi pa tsiku. Ngongole inatha mochedwa ndiponso movutikira. Chimene chinasintha n'chakuti katunduyo sanamusenzenso okha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinali titaiwala kuti mwambiwu umanenanso za chisoni.

Anabwereranso ku gulu mu Juni. Mwambo uja wozungulira kuti aliyense atchule choyamika ndinausiya. M'malo mwake ndimafunsa kuti, "Sabata ino yakuyenderani bwanji?" ndipo wofuna kunena zokoma amanena, wofuna kunena zowawa amanenanso. Patapita miyezi ingapo, tsiku lina tikutseka phunziro, amayi aja analankhula popanda wowafunsa. Anati: "Aphunzitsi, funso lanu lija ndili nalo yankho tsopano. Ndikuyamika kuti nditasowa munandilondola. Munachedwa, koma munabwera." Tonse tinaseka, ndipo ine ndinavomera kuti masabata atatu anali ambiri.

Kuyamika kumene ndinalephera kukutulutsa mwa lamulo kunabwera kokha pa nthawi yake, ndipo kunabwera pamodzi ndi chidzudzulo choona. Ndaona kuti mtima woyamika umafanana ndi mbewu ya kudimba ija. Sungaikoke kuti ikule msanga. Ungathe kutipula nthaka, kuthirira ndi kutchinga mbuzi.

Zimene tingayese tsiku ndi tsiku

M'buku la Mawu Obisika, Bahá'u'lláh akutilangiza kuti tizidziwerengera tokha ntchito zathu tsiku lililonse. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuyesa kuchita zimenezi madzulo ndisanagone, podzifunsa mafunso atatu. Mwina angathandizenso ena.

Loyamba: lero chandipweteka n'chiyani? Ndimayamba ndi limeneli kuti ndisadzinamize. Ndimachitchula ndi dzina lake, kaya ndi nkhawa ya fizi, mawu achipongwe amene wina wandinena, kapena kulephera kwanga.

Lachiwiri: lero ndadya thukuta la yani? Funsoli landithandiza kuposa kungofunsa kuti ndiyamike chiyani, chifukwa limandikumbutsa anthu enieni. Pali amene anatunga madzi amene ndasamba, wakabaza amene wandifikitsa bwino, wa pachigayo amene wandidikira nditachedwa. Ngakhale tsiku loipitsitsa, mndandanda umenewu sukhala wopanda dzina. Ndikakumbukira munthu amene sindinamuthokoze, mawa lake ndimayesetsa kukamuthokoza pamaso.

Lachitatu: ndani amene wasowa pamkeka? Ndani amene sindinamuone masiku angapo, kapena amene wakhala chete mosiyana ndi kale? Ngati ndalandira zabwino, njira yoonetsera kuti ndayamika ndi kudzuka n'kupita kwa ameneyo, osadikira masabata atatu.

Musayembekezere kudziona mutasintha pa sabata imodzi. Mayi saona mwana wake akukula tsiku ndi tsiku, amangozindikira malaya atamuchepera. Ine ndimapsabe mtima, ndipo pakamwa panga pamathamangirabe kuyankha munthu asanamalize kulankhula. Koma mwezi wathawu mnzanga wina atandiuza kuti bizinesi yake yagwa, ndinadzigwira mawu olimbikitsa ali kale pa lilime, n'kumufunsa kuti, "Tandiuzani, zinayamba bwanji?" Analankhula kwa ola lathunthu. Zaka ziwiri zapitazo ndikanamudula pa mphindi yachiwiri.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi munayamba mwauzidwapo kuti "ingoyamikani" kapena "ingopirirani" pa nthawi imene munali pa mavuto? Munamva bwanji? Mukanakonda munthuyo akanachita chiyani?

2. Tchulani chinthu chimodzi m'moyo wanu chimene simungachifulumizitse, ndi china chimene mwakhala mukuchipirira pamene chikufunika kukonzedwa. Mungazisiyanitse bwanji?

3. Amayi a m'nkhaniyi anadziona ngati opanda chikhulupiriro chifukwa ananena za kuwawa kwawo. Kodi pagulu lathu lino munthu angathe kunena kuti zinthu sizili bwino popanda kuchita manyazi? Ngati ayi, tisinthe chiyani?

4. Ndani m'mudzi kapena m'dera lathu amene wasowa pamkeka? Tisanabalalike lero, tigwirizane kuti apita kukamuona ndani, ndipo apita liti.